Telala wa ku Limbe amene anasokera abusa athu aakazi mkanjo ndi malaya a kolala

Izi ndikulembera makamaka inu amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano (magulu a amayi a m'masinodi a CCAP), ndi makomiti a m'mipingo amene mwalandira mbusa wamkazi ndipo mwasonkha kangachepe kuti mumugulire zovala za utumiki. Musathamangire zosokasoka za m'masitolo. Malaya a kolala amene ndinawagwira ndi manja angawa m'masitolo ogulitsa zinthu za tchalitchi mu Blantyre muno, onse anadulidwa poganizira thupi la mwamuna: mapewa otambalala, pachifuwa pathyathyathya, m'chiuno mongowongoka. Mukadandaula, wogulitsa amangoti tengani saizi yaing'ono. Koma yokwana m'khosi imathina pachifuwa, ndipo yokwana pachifuwa kolala yake imalendewera mpaka zala zitatu kulowa.

Ine ndine msungichuma wa Mvano pampingo wathu wa CCAP, mu Sinodi ya Blantyre. Abusa athu atafika anabwera ndi malaya a mtundu umenewo, komanso mkanjo umene anapatsidwa ndi abusa ena aamuna opuma pantchito. Inali mphatso yachikondi ndithu, koma mwini wake anali munthu wamtali. Lamulungu lililonse tinkawaona akukwera masitepe a kugome, dzanja lina litanyamula Baibulo, lina litakwinya mkanjo kuti asauponde. Pakati pa mabatani a pachifuwa ankaikapo kapini. Amayi zinthu zotere timaziona msanga, ndipo ife zinkatipweteka, pakuti munthu amene waima pamaso pa mpingo ndi Mawu a Mulungu sayenera kumaganiza za kapini. Tinapangana ku Mvano kuti aliyense aponyepo zomwe angathe, ndipo ntchito yofuna telala inagwera ine ndi amlembi athu.

Amene tinapitako ndi bambo wina wachikulire amene ali ndi kachipinda cha pafupi ndi msika wa Limbe. Ambiri a ife anatisokera kale bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, ndiye sanali mlendo. Anayambira pakhonde la sitolo, monga atelala ambiri a ku Limbe, ndipo pano ali ndi makina awiri a Singer opalasa ndi miyendo, ndi amodzi amagetsi a ovaloko, omangira m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke. Simbi ali nazo ziwiri, yamagetsi ndi yamakala. Amagwira ntchito ndi mwana wawo wamkazi, mayi wa ana ake ndithu, amene anaphunzira kusoka pamiyendo pa bambo ake, ndi mnyamata wina wothandiza kusita ndi kuika mabatani. Chipindacho n'chopanikizana. Mukalowa anthu atatu, wachinayi amaima pakhomo. Koma n'chosesedwa bwino, ndipo zovala zomalizidwa amazivindikira ndi pulasitiki chifukwa cha fumbi la mumsewu.

Poyamba tinkafuna kuti ikhale mphatso yodzidzimutsa, choncho tinatenga malaya akale a abusa kuti ayezerepo. Bamboyo anawatambasula patebulo, anawayang'ana, n'kuwapinda bwinobwino.

"Mayi, awa si malaya awo. Ndikayezera pamenepa ndisoka cholakwika chomwechi kachiwiri. Abusawo abwere okha."

Tinayesa kuwanyengerera, koma anakana ndithu, ndipo anachita bwino. Abusa atabwera, bamboyo anaimirira, anavula chipewa, anawapatsa mpando wokhawo wotsamira. Tepi sanaigwire iwo. Anaitana mwana wawo kuti akawayeze kuseri kwa katani, iwo ali kuno ndi kope ndi pensulo, akufunsa manambala mmodzimmodzi n'kumalemba. Abusa anatiuza pambuyo pake kuti chimenechi chinawamasula kwambiri, chifukwa kwina konse kumene anasoketsako, woyeza ankakhala mwamuna, ndipo chifukwa cha manyazi onse awiri ankathamangira kuti zithe, miyezo ya pachifuwa ndi m'chiuno n'kumangoiyerekeza.

Chimene sindinachionepo kwa telala wina aliyense ndi mafunso amene anafunsa atamaliza kuyeza. Anati abusa akweze manja monga amachitira podalitsa mpingo, ndipo mwana wawo anayezanso kuchokera m'khwapa manja ali m'mwamba choncho. Anafunsa ngati pobatiza khanda amalinyamula kudzanja lamanzere kapena amalisiya m'manja mwa mayi ake. Anafunsa kuti masitepe a kugome kwathu ndi aatali bwanji, ndiponso ngati abusa amavala nsapato zogogoda kapena zafulati pa Mgonero. Anafunsa ngati kumatchalitchi ang'onoang'ono a kumudzi amapita pagalimoto kapena panjinga yamoto, kuti adziwe ngati mkanjo uzikhala wopindidwa m'chikwama nthawi zambiri. Zonsezi ankalemba. Munthu wosoka mikanjo kwa zaka zambiri amadziwa kuti mbusa sangoima chilili. Amawerama, amagwada, amatambasula manja, amayenda m'matope a kumanda.

Tili pomwepo m'pamene nkhani ina inatuluka, ndipo ndiyenera kuinena chifukwa ena mwa inu mukanafuna kuidziwa musanapite. Amlembi athu, munthu wosabisa mawu, anafunsa mocheza ngati anasokerapo mbusa wamkazi. Bamboyo anaika pensulo pansi.

"Ndinene zoona pamaso pa abusa, ndisawanamize. Ine kwathu ndi ku Dowa, ndinabatizidwa mu Sinodi ya Nkhoma, ndipo ndinakula ndikumva kuti kugome n'kwa abambo. Paulo analembera Timoteo kuti salola mkazi kuphunzitsa kapena kulamulira mwamuna. Mpaka lero mtima wanga sunachoke pamenepo. Koma nsalu yolowa m'nyumba ya Mulungu sindingaisoke mwachinyengo. Musadere nkhawa."

Ine magazi anathamanga. Ndinkafuna kunyamula nsalu yathu n'kutuluka. Abusa anandigwira dzanja pang'ono, n'kuyankha mofatsa, mawu awo a masiku onse aja.

"Zikomo bambo chifukwa mwanena poyera. Vesi limenelo ndimalidziwa, ndinalimbana nalo usiku wambiri ndisanapite kusukulu ya ubusa ku Zomba. Koma Paulo yemweyo kumapeto kwa kalata ya Aroma akuyamikira Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndipo akupereka moni kwa Priska, yemwe pamodzi ndi mwamuna wake anakhazika pansi Apolo n'kumufotokozera bwino njira ya Mulungu. Ine sindinadziitane ndekha. Mukandipempherera kuti ndigwire bwino ntchitoyi, kwa ine zakwana."

Bamboyo anangoti, "Zimenezo ndichita, abusa." Sanatembenuke mtima tsiku limenelo, ndipo sindikunena kuti anatembenuka pambuyo pake. Nditapitanso kukaona pamene ntchito yafika, anandiwerengera okha 1 Akorinto 14, pamene pakuti akazi akhale chete m'mipingo, ine n'kuwakumbutsa kuti m'kalata yomweyo, mutu 11, Paulo akulangiza za mkazi amene akupemphera ndi kunenera, ndipo munthu sanenera ali chete. Tinasiyana aliyense ali pake, koma mwaulemu.

Pamenepa ndiime kaye, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Ine sindigwirizana nawo bamboyo m'pang'ono pomwe. Mayi anga anavala yunifomu ya Mvano mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Anthu ngati iwowo ndi amene ankasesa ndi kukolopa tchalitchi, kuphikira alendo a msonkhano, kuchezera odwala kuchipatala, kugona pamaliro usiku wonse akuimba, kulangiza atsikana ndi maanja, kuphunzitsa Sande sukulu. Pamaliro a mnzawo wa Mvano ankatha kuwerenga Mawu n'kuwamasulira mpaka anthu kulira ndi kulapa. Koma likafika Lamulungu, malo awo anali pabenchi. Mphatso imene inkagwira ntchito pasiwa sinkaloledwa kukwera masitepe atatu a kugome. Ndimawerenga Yoweli 2, pamene Mulungu akulonjeza kuti ana aamuna ndi aakazi adzanenera, ndi Petro akubwereza mawu omwewo tsiku la Pentekoste, ndimawerenga za Debora akuweruza Israyeli, za Mariya wa Magadala amene Ambuye anamutuma kukauza ophunzira kuti wauka, ndipo sindiona chifukwa chimene mpingo unachedwera chonchi.

Ndipo unachedwadi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Church of Scotland, imene inatumiza amishonale amenewo, inalola amayi kukhala akulu a mpingo mu 1966, ndipo mu 1968 inatsegula khomo la ubusa. Kuno kwathu tinadikira zaka zina zoposa makumi atatu. Mu 1995 amayi a mu Sinodi ya Blantyre anayenda pamsewu mwamtendere kukapereka chikalata cha madandaulo awo kwa atsogoleri, ndipo nkhani ya kudzozedwa kwa amayi inali m'gulu la zimene ankapempha. Ena mwa iwo, amene ankagwira ntchito za mpingo, anaimitsidwa pantchito chifukwa cha zimenezo. Mayi Isabel Apawo Phiri, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa ku Chancellor College, analemba za masiku amenewo. Sinodi ya Livingstonia inadzoza a Martha Mwale mu 2000, ya Blantyre inadzoza a Edna Navaya mu 2001, ndipo mu 2011 a Mercy Chilapula anasankhidwa kukhala Modereta, kapena kuti mtsogoleri, wa Sinodi ya Blantyre, mayi woyamba pampando umenewo. Atsikana a m'kwaya yathu amaona mbusa wamkazi ngati chinthu chachibadwire. Sadziwa kuti pali amayi ena, ena a iwo adakali moyo, amene anataya tulo ndi malipiro kuti zimenezi zitheke. N'chifukwa chake kapini kaja kankandilasa mtima. Zaka zonsezi chidzozereni amayi, m'sitolo mulibebe malaya owakwana.

Komabe sindingawatenge bamboyo ngati munthu woipa kapena wosadziwa Baibulo. Si iwo okha. Mukangoyang'ana zovala zopachikidwa m'chipinda chawo muona mmene Akhristu tasiyanirana pa nkhani imeneyi. Tsiku lina ndinapeza timikanjo toyera ta ana otumikira pa Misa, ta parishi ina ya Katolika. Kumeneko Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe anatiyendera kuno mu 1989, analemba mu 1994 kuti Mpingo ulibe mphamvu yodzoza amayi kukhala ansembe, poti Ambuye anasankha amuna kukhala atumwi khumi ndi awiri. Mnzanga wa Katolika amene tinayandikana nyumba amakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, ndipo ndi mayi wopemphera kuposa ine. Pambali pake panali mayunifomu a amayi a Dorika, a mpingo wa Seventh-day Adventist. A Seventh-day Adventist pamsonkhano wawo waukulu wa ku San Antonio mu 2015 anavota kukana kuti zigawo zawo zizidzisankhira zokha zodzoza amayi. Panalinso zabuluu ndi zoyera za Mothers' Union. A Anglican a chigawo chathu chino, chophatikiza Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, anakhala nthawi yaitali osadzoza amayi, pamene anzawo ku Swaziland anali atasankha kale a Ellinah Wamukoya kukhala bishopu mu 2012, ndipo ndi mu 2023 m'mene anagwirizana kuti dayosizi imene ikufuna itha kutero. Ngakhale m'CCAP mwathu momwemu, masinodi sanayendere limodzi. Onsewa amasoketsa kwa munthu mmodzi, ndipo onse amawapatsa msoko wofanana.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Tinasoketsa malaya a kolala atatu, akuda, otuwa ndi abuluu wodera, mkanjo wakuda umodzi, ndi sikafu yaitali ya m'khosi.

Malayawo ndi amene ndikuwayamikira kuposa zonse. Sanatenge malaya aamuna n'kuwachepetsa. Anayamba ndi kudula pepala latsopano potengera miyezo ya abusa, monga amachitira ndi bulauzi, kenaka n'kuikapo khosi la kolala. Pachifuwa anapinda nsalu pang'ono kuchokera m'mbali kuti ikhale ndi malo, ndipo kumbuyo anaitsina pang'ono kuti isafufume. Mabatani anawabisa pansi pa kansalu, n'kuwonjezera kabatani kena kakang'ono mkati, pamalo penipeni pamene malaya amakonda kuyasama. Kapini kanatha ntchito. Kunsi anawapendera mozungulira bwino kuti abusa athe kuwavala kunja kwa siketi osapisira. Nsalu yake ndi ya thonje losakaniza, yosachedwa kuuma, ndipo titaitembenuza kuti tione mkati tinapeza misoko yonse yadutsa pa ovaloko, palibe ulusi wolendewera.

Pali kanthu kena kamene anachita osauzidwa. Mabatani anawaika mbali ya chikazi, kumanja kukuvindikira kumanzere. Nditafunsa, anati: "Mayi, ndikudziwa zimene anthu amalankhula. Wina asadzanene kuti abusa avala chovala cha mwamuna." Ankadziwadi. Mkulu wa mpingo wina kwathu anali atanenapo kale kumlaga kuti kolala ndi chovala cha abambo, akutchula Deuteronomo 22 vesi 5. Ife amene tinakula nthawi ya lamulo la kavalidwe la 1973, lija linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993, tikudziwa mmene nkhani ya chovala cha mayi imasandukira mlandu m'dziko muno. Mbusa wamwamuna atha kulalikira malaya atatuluka mbali imodzi, anthu n'kumakambirana za ulaliki wake. Wamkazi amayamba kuyezedwa ndi maso kuyambira kumutu mpaka kunsapato asanatsegule n'komwe Baibulo. Ndiye telala amene amatseka pakamwa pa anthu ndi kasokedwe kake wamuchotsera mbusa katundu wina pamutu. Mkulu wa mpingo uja sanayankhulenso za kolala. Ali nazo zina zimene amayankhula, koma imeneyo anaisiya.

Mkanjo nawo unatuluka bwino. Unalekeza pamwamba pang'ono pa akakolo, moti abusa amakwera kugome manja onse ali omasuka. Mapewa akhala pamapewa. Kumsana anaukwinya timizere tating'onoting'ono tofanana, ntchito ya pamanja imene imadya nthawi, ndipo ndi imene imapangitsa mkanjo kugwa mwaulemu munthu akamayenda. Nsalu tinagula tokha kwa amwenye ku Limbe komweko, koma anatiperekeza mwana wawo uja kuti akatisankhire. Ife tinaloza yokhuthala yonyezimira, iye anatiletsa, akuti mu Okutobala abusa adzakomoka nayo, ndipo yonyezimira imaonetsa zipsera za simbi. Tinatenga yopepukirapo, yakuda bii koma yosawala. Yachapidwa kangapo ndipo sinasuluke.

Funso la ubatizo lija tinalimvetsa Lamulungu la ubatizo wa ana. Ndi mkanjo wakale, abusa akamatunga madzi m'mbale dzanja la mkanjo linkaviikamo, n'kumadontha pankhope pa khanda ndi pa shawelo. Pa watsopanowu, mkati mwa dzanja lamanja muli kabatani kodina. Ndinali pabenchi yachiwiri ndipo ndinaona abusa akukweza dzanja la mkanjo n'kulidina kamodzi, mkono n'kukhala poyera mpaka pachigongono. Anabatiza ana onse, kuphatikizapo kamnyamata kena kamene kanalimbana nawo kwambiri, ndipo atamaliza anangomasula, dzanja la mkanjo n'kugwa louma. Amayi amene tinasonkha ndalama tinayang'anana.

Chinanso ndi thumba. Tchalitchi chathu chili ndi maikolofoni yaing'ono yokoleka pachifuwa, imene kabokosi kake ka mabatire amakakoleka pa lamba wa thalauza. Siketi ilibe lamba wotero, ndipo masiketi ambiri alibe ndi thumba lomwe. Abusa ankachita kukagwira m'manja kapena kukasiya pagome, ndiye sankatha kusuntha. Amene anapanga chipangizocho, monganso amene anasoka malaya a m'sitolo aja, sanaganize kuti wolalikira angakhale atavala siketi. Titawafotokozera bamboyo, anapempha kuti tibwere nako kabokosiko, anakayeza, n'kusokera kathumba kolimba mkati mwa mkanjo chakumanzere, ndi kabowo kodutsira waya kofika pakhosi. Kumanja anasiya mpata m'msoko woti dzanja lilowe kukatenga kampango. Pa zimenezi sanawonjezere mtengo.

Za mitengo, ndinena zimene ife tinalipira, koma mukafunse nokha chifukwa zinthu sizikukhazikika. Malaya amodzi anali K28,000, nsalu yawo. Mkanjo kusoka kokha K75,000, nsalu ndi zoikamo zinatidyera pafupifupi chimodzimodzi. Sikafu K30,000. Bamboyo amati chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, zipi ndi nsalu zakhala zikungokwera, ndiye mtengo amatchula tsiku lomwelo ndipo sausunga kupitirira mwezi. Amafuna theka poyamba, lotsala potenga. Amalandira ndalama pamanja, pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Si wotchipa. Pali atelala m'misika amene angakusokereni mkanjo pa theka la ndalama imeneyi, koma ndaiona mikanjo yotero, imakhala ngati thumba la chimanga lobooledwa pamutu.

Zodandaula zilipo, ndipo sindizibisa.

Choyamba ndi nthawi. Anatilonjeza kuti zonse zikhala zitatha Lamulungu la Mgonero lisanafike, koma tsikulo tinangolandira malaya okha. Mkanjo unachedwa ndi masabata. Chifukwa china chinali kuzima kwa magetsi, poti ovaloko sayenda popanda magetsi, ndipo chimenecho ndikuchimvetsa. Koma china n'chakuti amalandira ntchito yambiri kuposa manja awo, ndipo foni sayankha akakhala pamakina. Ndinkachita kukwera minibasi kupita ku Limbe kukangomva kuti bwerani mawa. Munthu wosoka bwino chonchi akanangonena tsiku loona, ngakhale lakutali, tikanadikira mosadandaula.

Chachiwiri chikukhudza ine monga msungichuma. Salemba risiti. Zonse zili m'kope lawo, ndipo kopelo ndi lolongosoka, koma ine ndimayenera kukaonetsa amayi pepala. Ndalama za gulu zimadanitsa anthu. Ndinachita kulemba ndekha papepala kuti iwo asainire. Anasaina mosavuta, koma mukapita tengani kabuku kanu ka marisiti, kapena lipirani pafoni kuti uthenga ukhale umboni.

Chachitatu ndi timapulasitiki toyera tolowetsa pakolala. Timene anatipatsa n'topyapyala, ndipo tikatenthedwa ndi thukuta timapindika. Timeneti mukagule kusitolo ya zinthu za tchalitchi, ndipo mupite nato poyeza kuti mpata wa pakhosi ufanane nato.

Chimene chinandikhumudwitsa kwenikweni ndi sikafu. Iwo alibe makina opeta, ndiye amatumiza kwa munthu wina m'tauni. Tinapempha mtanda kumapeto onse awiri. Itabwera, mtanda wina unali wopendekeka, ndipo wina unali m'mwamba kuposa unzake, moti abusa akaivala kusiyanako kumaonekera kuchokera kubenchi ya kumbuyo. Bamboyo ataiona anapukusa mutu, anavomera kuti siili bwino, ndipo anati aibweza ndi ndalama zawo. Ndikuyamikira kuti sanakangane nafe, koma akanaiona okha asanatiitane. Ngati mukufuna zopetapeta, funsani kaye kuti muone ntchito ya wopetayo.

Malo oyezera nawo ndi ochepa kwambiri. Ndi katani chabe pakona, ndipo anthu odutsa pakhomo amasuzumira. Kwa mbusa, amene anthu ambiri amamudziwa nkhope, si zabwino kwenikweni. Ife tinapempha kuti tibwere m'mawa asanatsegulire anthu ena, ndipo analola. Inunso pemphani choncho. Mwana wawo uja amathanso kubwera kunyumba ya abusa kudzayeza mukamulipirira thiransipoti.

Ena mwa amayi athu atamva maganizo a bamboyo anati tisadzapitekonso, ndalama za Mvano zisamapite kwa munthu wosavomereza abusa athu. Ndikuwamvetsa, poti inenso tsiku loyamba ndinamva chimodzimodzi. Koma ndinawauza kuti ine ndaona anthu ambiri ovomereza ndi pakamwa, oimba m'manja tsiku lolandira abusa, amene mpaka lero akafuna kukambirana nkhani yaikulu ya mpingo amadikira kuti abusa atuluke, kapena maliro akagwa kwawo amakapempha mbusa wamwamuna wa mpingo woyandikana nawo. Bambo uyu ananena maganizo ake pamaso pa abusa, kamodzi, mwaulemu, kenaka anakhala pansi n'kuganizira za dzanja lawo m'madzi a ubatizo ndi za phazi lawo pamasitepe. Ndikanakonda atasintha maganizo, ndipo ndimawapempherera. Abusa eni ake anati akadzafuna malaya ena adzapita komweko.

Ngati mwaganiza zopita, pewani mwezi wa Seputembala pamene amadzazidwa ndi mayunifomu a sukulu, ndi Disembala pamene maukwati ndi makwaya amachuluka. Perekani ntchito kudakali miyezi iwiri tsiku lanu lisanafike, ndipo tsiku limene mukawauze likhale lofika msanga, lenilenilo lisanakwane. Abusa apite okha, atavala nsapato zimene amalalikira nazo, ndipo akayesenso kamodzi mkanjo usanapenderedwe kunsi. Musatumize miyezo pafoni. Sikafu yathu idakali kwa wopeta, ndipo K15,000 yotsalayo ndaisunga mpaka nditaona mitanda iwiriyo italingana.